PHUNZIRO: KODI MLIMI ANGAPHE NKHUNDA ZOMUDYERA MBEWU?

Mvula yoyamba ikagwa, anthu nabzala mbewu zawo, ndiponso pa nyengo imene mapira akucha m'minda, m'midzi yambiri mumabuka mlandu wa nkhunda. Mwini munda amati mbalamezo zamuthera mbewu, mwini khola amati nkhunda zake zikuchepa tsiku ndi tsiku, ndipo anthu amene adali kupemphana moto amayamba kulambalalana pa njira. Mlandu wotere umakula msanga ku malo onga Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, kumene John Chilembwe adamanga mishoni yake m'chaka cha 1900. Bomali ndi limodzi mwa maboma othithikana koposa m'Malawi: kalembera wa 2018 adapezamo anthu oposa 350,000, minda ndi yaing'ono, ndipo khola la nkhunda la munthu mmodzi limayang'anana ndi mizere ya mnzake. Namondwe Freddy adasakaza dera limeneli mu March 2023, chilala cha 2024 nichitsatira, kotero kuti palibe banja limene lingaone mbewu yake ikutoledwa ndi mbalame, mtima uli m'malo.

Funso la mlimi tsono ndi lolungama: kodi nkololedwa kuziwombera? Yankho lake ndi lakuti munthu ali nawo ufulu wotchinjiriza munda wake, koma ufuluwo uli ndi malire. Munda ndi wake, koma mbalame si yake. Asanatole mwala kapena mfuti, Mkhristu ayenera kuyankha mafunso atatu: mbalameyo ndi ya yani, adzaipha ndi chiyani, ndipo kodi palibe njira ina?

1. Nkhunda ndi njiwa nzosiyana

Makolo adasiyanitsa bwino mbalame ziwirizi pozitcha maina. Nkhunda ndi chiweto: imagona m'khola limene munthu adaimangira pa mitengo, imabwerera kwawo madzulo, ndipo mudzi wonse umadziwa mwini wake. Njiwa ndi yakutchire: imamanga chisa chake mu mtengo, ndipo palibe munthu amene anganene kuti ndi yake. Kusiyana kumeneku ndiko maziko a phunziro lonseli, pakuti lamulo lokhudza nkhunda ndi lina, lokhudza njiwa ndi linanso.

Ndi bwinonso kudziwa madyedwe a mbalamezi, chifukwa nthawi zambiri zimasenza mlandu wa zinzake. Nkhunda sipalasa pansi monga nkhuku, ndipo sikumba. Imatola zimene zili poyera. Chimanga chimene chidabzalidwa mozama ndi kukwiriridwa bwino, nkhunda singachifukule. Amene amafukula mbewu m'mapando ndi nkhwali, nkhanga, akhwangwala ndi mbewa. Nkhunda ndi njiwa zimaononga mbewu zofesa ndi zosakwirira bwino, mapira ndi mawere zikamacha, nyemba ndi khobwe zotakatika, ndiponso mphale yoyanikidwa pa mphasa. Chifukwa chake mlimi amene wapeza mapando ali ofukulidwa, nayamba kuneneza nkhunda za mnansi wake asanaone ndi maso, achenjere ndi lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu, loletsa kunamizira mnzako. Alawirire mmawa, akhale pa chulu, aone yekha amene akumubera.

2. Nkhunda ili ndi mwini wake

Ngati zaonekadi kuti nkhunda za mnansi ndizo zikuononga, mlimi akumbuke kuti mlandu wake uli ndi munthu, osati ndi mbalame. Nkhunda ndi chuma cha banja losauka. Imaikira mazira awiri, imakhalira masiku ngati 18, ndipo imaswa kangapo pa chaka. Maunda ndi ndiwo ya mlendo ndi ya wodwala; akagulitsidwa, pamapezeka mchere, sopo ndi makope a ana a sukulu. Zitosi zake ndi manyowa abwino a kudimba. Wopha nkhunda za mnzake wachotsa zonsezi m'nyumba ya mwini. Kuwonjezera apo, tambala ndi thadzi amathandizana kudyetsa ana ndi chakudya chonga mkaka chochokera m'chithokomiro chawo, motero wopha nkhunda zazikulu m'munda waphanso maunda otsala m'khola, amene adzafa ndi njala.

Malamulo a dziko amawerenga kupha dala chiweto cha mwini ngati mlandu, ndipo pa bwalo la mfumu wopha chiweto amalipa. Lamulo la Mulungu limanena momveka koposa. Lamulo lachisanu ndi chiwiri limaletsa kutenga kapena kuononga za mwini, ndipo amene wapha nkhunda ya mnzake, naiotcha, naidyera nsima, sangadzitchinjirize ponena kuti idam'dyera mbewu. Mlandu wa mnzake sufafaniza wake. Eklezia amaphunzitsa kuti wochimwira chilungamo ayenera kubweza, ndipo kulapa kwa munthu wokana kubweza pamene angathe nkosakwanira. Zakeyo, m'mutu 19 wa Luka Woyera, adasonyeza kutembenuka mtima kwake polonjeza kubwezera onse amene adawanyenga.

Njira yolungama ndi yodziwika kwa aliyense. Woonongeredwa apite kwa mwini khola, akhale pansi, anene mwaulemu kuti: "Pepani alamu, ndabwera ndi dandaulo. Nkhunda zanu zikutera m'mapira mwanga mmawa uliwonse. Tiyeni tikaonere limodzi, tipangane chochita." Akakana kumva, apite kwa ankhoswe kapena kwa mwini mbumba, zikakanika pamenepo, nkhani ipite kwa nyakwawa ndi kwa amfumu. Akuluakulu adati mbalame ikatera pa uta silasika, ndipo m'midzi ya ku Chiradzulu, m'mene minda yoyandikana kawirikawiri ndi ya anthu a mbumba imodzi, mwini nkhunda amakhala mlongo, mlamu kapena mpongozi. Mkamwini amene wapha nkhunda za apongozi ake chifukwa cha lichero limodzi la mapira, wagula udani umene udzakhalapo mapirawo ataiwalika kale.

3. Udindo wa mwini khola

Chilungamo sichiyang'ana mbali imodzi. Mwini nkhunda amene amatsegula khola mmawa osaziwazira kanthu, akudziwa bwino lomwe kumene zikadye. Munthu wotere akuweta ziweto zake ndi thukuta la anzake, ndipo iyenso akuchimwira lamulo lachisanu ndi chiwiri. Buku la Eksodo, m'mutu 22, limalamula kuti amene walekerera chiweto chake kukadya m'munda wa wina alipe, ndipo alipe ndi zokolola zabwino koposa za m'munda mwake. Mbuzi zimamangidwa nthawi ya dzinja popanda wotsutsa. Nkhunda nazonso zili ndi nyengo yake yofunika kuzisamala.

Mwini khola wachikhristu achite zinthu zitatu. Azidyetse mmawa zisanatuluke, ndi madeya, misere kapena mapira, ndi kuziikira madzi pafupi, pakuti nkhunda yokhuta siuluka kutali. Pa masiku obzala ndi pa masabata amene mapira a anansi akucha, azitsekere, makamaka mmawa ndi madzulo pamene zimadya kwambiri. Ndipo asaweta zochuluka kuposa zimene angathe kudyetsa. Mnansi akadza ndi dandaulo loona, asam'yankhe kuti nkhunda ilibe chingwe. Apite akaone, avomere, alipe monga apangana.

4. Njiwa ndi lamulo la Boma

Za njiwa anthu ambiri amaganiza kuti popeza ilibe mwini, aliyense angachite nayo monga afuna. Lamulo la Malawi silitero. Lamulo la nyama zakutchire, lotchedwa National Parks and Wildlife Act, lidakhazikitsidwa mu 1992, ndipo lidakonzedwanso mu 2004 ndi mu 2017. Limanena kuti nyama zonse zakutchire zili m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko, amene amazisunga m'malo mwa anthu onse a m'Malawi. Njiwa tsono si ya munthu mmodzi, koma ndi ya mtundu wonse, pamodzi ndi ana amene sanabadwe.

Lamuloli limasankha mitundu ina ya nyama ndi mbalame kuti ikhale yotetezedwa, ndipo maina ake amalengezedwa ndi Boma. Pali chilolezo chapadera chosakira mbalame, chimene chimatchula mitundu imene munthu angaphe. Lamulo lomweli silidaiwale mlimi: limalola munthu kupha nyama yotetezedwa potchinjiriza moyo kapena chuma chake, koma pokhapokha ngati ngoziyo ili pomwepo ndipo palibiretu njira ina. Atatero ayenera kukanena kwa akuluakulu a nthambi ya nyama zakutchire, ndipo nyama yophedwayo siikhala yake. Nzeru ya lamuloli ndi yoonekeratu: wololedwa kudya chimene wapha potchinjiriza munda, posachedwa adzayamba kuona ngozi paliponse pamene akhumba ndiwo.

Popeza mndandanda wa mitundu yotetezedwa umasinthidwa ndi Boma nthawi ndi nthawi, mlimi wanzeru amafunsa kwa mlangizi wa zaulimi kapena ku ofesi ya Bwanamkubwa asanayambe kupha mbalame zakutchire. Safunsa adadya phula. Zilango za lamuloli zidakwezedwa kwambiri mu 2017, mpaka zaka 30 m'ndende pa milandu ya nyama zosowa monga njovu, chipembere ndi ngaka. Njiwa sili m'gulu la njovu, koma zilangozo zikusonyeza kuti Boma silikuseka pa nkhani ya zakutchire. Ndiponso m'nkhalango zosungidwa ndi Boma, monga ya pa phiri la Chiradzulu, lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kusaka ndi kutchera misampha popanda chilolezo. Mlimi amene watsatira njiwa kuchoka m'munda mwake kukalowa m'nkhalango yotere, waleka kutchinjiriza mbewu, wasanduka mlenje wopanda chilolezo.

5. Za mfuti, ulimbo ndi mankhwala

Ngakhale mbalameyo ikhale yololedwa kupha, funso la chida limatsalabe. Lamulo la mfuti la 1967 limaletsa munthu kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo chochokera ku Polisi. Chilolezocho chimalembedwa m'dzina la mwini wake, ndipo sichibwerekedwa monga khasu. Mfuti yosula pamudzi ndi mlandu kuisunga, ndiponso imaphulikira mwini wake. Koma ngakhale munthu akhale ndi mapepala onse, aganizire malo amene akuwombera. Ku Mbombwe kuseri kwa mzere uliwonse wa nandolo kungakhale mayi wothyola ndiwo kapena mwana wopita ku sukulu. Lamulo lachisanu la Mulungu limaletsa kupha, ndipo limaletsanso kuika moyo wa wina pa ngozi popanda chifukwa chachikulu. Lichero la mapira silingafanane ndi diso la mwana. Zomwezi makolo awauze anyamata a malegeni, amene amalasa chilichonse chouluka, ngakhale timbalame todya mbozi m'chimanga.

Ulimbo, maukonde, makhwekhwe ndi misampha ina ili ndi vuto lakuti sisankha. Lamulo la nyama zakutchire limaletsa kukonza kapena kusunga zida zotere pofuna kugwira mitundu yotetezedwa, ndipo ulimbo sufunsa dzina la mbalame imene yateramo. Umagwira njiwa, umagwira nkhunda ya mnansi, umagwiranso mbalame zothandiza mlimi, ndipo yogwidwayo imazunzika nthawi yaitali isanafe.

Choipa koposa zonse ndi mankhwala. Pali anthu amene amaviika chimanga m'mankhwala akupha, monga tameki, nachimwaza m'munda. Mankhwala ophera tizilombo amayang'aniridwa ndi lamulo la 2000 ndi bungwe la Pesticides Control Board, ndipo mankhwala alionse ali ndi ntchito yake yolembedwa pa botolo kapena pa paketi. Wowagwiritsa ntchito ina wachita mosemphana ndi lamulo. Chimanga chothira mankhwala chimapha nkhuku za mudzi wonse. Galu ndi mphaka zimadya mbalame yakufayo nizifa. Kadzidzi ndi kabawi, amene amachepetsa makoswe ndi mbewa popanda malipiro, amafa nawonso. Ndipo mwana amene watola njiwa yakufa m'mbali mwa munda, nakaiotcha ndi anzake, sadziwa chimene chili m'mimba mwake. Pa nkhani iyi palibe kukayika: Mkhristu sangamwaze mbewu ya mankhwala poyera popanda kuchimwa, ndipo munthu akafa nazo, tchimolo ndi lalikulu.

6. Zimene maiko ena adaona

Funso limeneli lidavutanso maiko ena. Ku Britain, nkhunda zazikulu zakutchire zimaononga kwambiri minda ya nsawawa, kabichi ndi mbewu za mafuta. Lamulo lawo la 1981 limateteza mbalame zonse zakutchire, koma Boma limapereka chilolezo cha onse chakuti mlimi awombere mitundu yotchulidwa pofuna kupewa kuonongeka kwakukulu kwa mbewu, malinga njira zoingitsa zikhale zosakwanira. Mu April 2019 bungwe la Natural England lidachotsa zilolezo zitatu zotere, anthu ena oteteza mbalame atadandaula ku bwalo la milandu kuti zidali kuperekedwa mosatsata lamulo. Alimi adadandaula kwambiri, ndipo zilolezo zatsopano zidatuluka chaka chomwecho. Mfundo yake ikufanana ndi ya lamulo la Malawi: kupha ndi njira yotsiriza.

Ku America kudali mtundu wina wa njiwa umene unkauluka m'magulu aakulu, mpaka kuphimba dzuwa. Anthu adaziwombera, kuzigwira ndi maukonde ndi kugwetsa nkhalango zake, poganiza kuti sizingathe. Yotsiriza idafa pa 1 September 1914 m'malo osungira nyama a mumzinda wa Cincinnati, ndipo mtunduwo udatheratu pa dziko lapansi. Ku China, mu 1958, Boma lidalamula anthu onse kupha mpheta chifukwa zimadya mbewu. Mpheta zitachepa, dzombe ndi tizilombo tina, timene mphetazo zinkadya, tidachuluka m'minda. Mu 1960 lamulolo lidasinthidwa, koma dziko lidali kale mu njala yoopsa ya 1959 mpaka 1961, imene idapha anthu mamiliyoni ambiri. Njalayo idali ndi zifukwa zina zazikulu, koma kutha kwa mpheta kudawonjezera tsoka. Mbalame imene imadya mbewu mwezi umodzi, miyezi ina yonse ingakhale ikugwirira mlimi ntchito. Njiwa nayonso imatola njere zambiri za udzu m'minda.

7. Chiphunzitso cha Eklezia

Eklezia sanena kuti kupha mbalame ndi tchimo pa lokha. Mulungu adapatsa munthu ulamuliro pa zolengedwa, ndipo nkololedwa kudya nyama ndi kuteteza chakudya cha banja. Bambo amene alekerera munda wake kuonongeka, ana nagona ndi njala, walephera udindo wake. Koma Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chiwiri pa ndime 2415 mpaka 2418, amaphunzitsa kuti ulamuliro umenewu uli ndi malire, kuti nyama ndi zolengedwa za Mulungu zoyenera kuchitiridwa chifundo, ndi kuti kuzizunza kapena kuzipha popanda chifukwa kumatsutsana ndi ulemerero wa munthu mwini. Papa Francis adabwereza chiphunzitso chimenechi m'kalata yake ya Laudato Si' mu 2015. Lamulo lachinayi nalonso limafuna kuti Mkhristu amvere malamulo olungama a dziko, ngakhale pamene wapolisi ali kutali.

Malembo Oyera amatchula mbalamezi mwaulemu. Nkhunda ndiyo idabwerera kwa Nowa ndi tsamba, kusonyeza kuti chigumula chatha. Buku la Deuteronomo, m'mutu 22, limaletsa kugwira mbalame yaikazi pamodzi ndi ana ake pa chisa. Maria Woyera ndi Yosefe Woyera, popereka Mwana Yesu m'Nyumba ya Mulungu, adabwera ndi nsembe ya amphawi, imene Chilamulo chidati ikhale njiwa ziwiri kapena maunda awiri. Ndipo pa mtsinje wa Yordani Mzimu Woyera adaoneka ngati nkhunda. Ambuye Yesu adadziwanso dandaulo la mlimi, pakuti m'fanizo la wofesa adanena za mbewu zimene zidagwa pa njira, mbalame nizitola. Mbewu zimene zidatoledwazo ndi zimene zidatsala poyera.

8. Chochita mlimi

Asanaganize zakupha, mlimi ayese njira zimene makolo adapulumutsa nazo mapira awo. Abzale mozama bwino ndi kukwirira mbewu zonse. Anansi apangane kubzala pa nthawi imodzi, pakuti munda umene wacha wokha mbalame zonse zimathamangira komweko. Amange nsanja pakati pa munda, nakokere zingwe ku ngodya zonse, atamangirirapo zitini zokhala ndi timiyala. Aimike zifaniziro za anthu ndi kupachika mapepala onyezimira, koma azisuntha masiku angapo alionse, chifukwa mbalame zimazolowera chinthu chosayenda. Alinde mmawa ndi madzulo, akuluakulu akusinthana, osajombetsa ana ku sukulu. Akolole msanga mbewu zikakhwima, ndipo zoyanika pa mphasa zikhale ndi wozilonda.

Zonsezi zikalephera, ngati mbalamezo ndi nkhunda, apite kwa mwini wake ndi kwa amfumu. Ngati ndi njiwa kapena mpheta zochuluka, akanene kwa mlangizi wa zaulimi. Akaloledwa kupha, aphe zochepa zokwanira kupulumutsa munda, ndi chida chololedwa, pa malo opanda ngozi, mosazunza. Akhristu a m'mudzi umodzi angachite bwino kupempha amfumu kuti mvula isanagwe aitanitse msonkhano, kuti eni makola ndi eni minda apangane masiku otsekera nkhunda ndi malipiro a woonongeredwa. Nkhanga zidapangana kusanapse.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi nkhunda ndi njiwa zimasiyana bwanji pamaso pa lamulo la dziko ndi pamaso pa lamulo la Mulungu?
2. Munthu wapha nkhunda zinayi za mnansi wake m'munda mwake, nazidya. Kodi ayenera kuchita chiyani asanapite kukalapa? Nanga mwini nkhundazo ali ndi ngongole yanji?
3. Ndi malamulo ati a Mulungu amene amaswedwa ndi munthu womwaza mbewu ya mankhwala m'munda?
4. Kodi mphakati ungathandize bwanji nkhalamba ndi amasiye amene alibe wowalindira mapira?

Zowerenga: Eksodo mutu 22, Deuteronomo mutu 22, ndi Luka Woyera mutu 19.